Yankho la malume pa mawu oti "contemporary"

Moni nonse pagulupa. Achemwali, mwaswera bwanji kumeneko? Mphwanga, uthenga wako ndinaumva masana, koma ndinali kumsika kogula usipa, phokoso lake sukanandimva, ndiye ndati ndifike kaye pakhomo.

Wati pa mayeso a History panali mawu oti "contemporary accounts of the Chilembwe uprising", iwe n'kuyankha za mabuku a masiku ano, aphunzitsi n'kukuuza kuti walakwa, pomwe dikishonale ya pafoni yako ikuti "contemporary" ndi zamakono. Eya. Dikishonaleyo sikunama, koma yakupatsa theka chabe. Aphunzitsi akowo akhoza.

Tamvera. Mawuwa anachokera ku Chilatini. "Con" ndi pamodzi, "tempus" ndi nthawi. Ndiye tsinde lake ndi zinthu kapena anthu a nthawi imodzi. Ukangowaona, dzifunse kuti, nthawi ya ndani? Chilembwe anaukira atsamunda mu Januwale 1915. Choncho funso lija limafuna zimene analemba kapena kunena anthu amene analipo nthawi imeneyo, makalata a amishoni, malipoti a boma la atsamunda, umboni wa anthu a ku Chiradzulu amene anaona ndi maso. Buku lolembedwa chaka chatha silingalowe pamenepo, ngakhale likhale labwino chotani.

Ndikupatse chitsanzo cha pakhomo pompano. Tauni yathu ino ya Mangochi kale inkatchedwa Fort Johnston, dzina la Harry Johnston. Mzungu ameneyu ndi mafumu athu Mponda ndi Makanjira anakhala nthawi imodzi, mpaka Makanjira anamenyana ndi asilikali ake m'zaka za m'ma 1890. Pachizungu unganene kuti anali "contemporaries". Palibe chamakono pamenepo, onse anapita kalekale. Ngakhale ine ndi anzanga amene tinayamba nawo Sitandade 1 chaka chimodzi, mawu ake ndi omwewo.

Nanga zamakono zikubwera pati? Zimabwera ngati sanatchule nthawi ina iliyonse. Munthu akangoti "contemporary music", osawonjezera kanthu, ndiye kuti akuyezera pa nthawi yathu ino, nyimbo zimene mukuvina inu achinyamata lero.

Tsono "modern" ndi ina, usazisakanize. Imeneyi imasiyanitsa zatsopano ndi zachikale. Boti la injini ndi "modern" ukaliika pafupi ndi bwato losema. Mlatho wa Bakili Muluzi pa Shire ndi "modern" ukayang'ana kansanja ka wotchi kaja kali pambali pake, kamene anamanga mu 1903 pokumbukira Mfumukazi Victoria. Koma taona, boti lija ndi bwato lija onse akupha chambo m'nyanja imodzi m'mawa womwewo, ndiye ndi a nthawi imodzi ngakhale mmodzi yekha ndiye wamakono. Pamenepa ndi pamene ana ambiri amagwa, ndipo zimandipweteka chifukwa mwana amakhala kuti nkhaniyo akuidziwa bwino, wangophonya liwu limodzi.

China, polemba usameze zilembo. Ambiri amalemba "contempory". Kumapeto kwake ndi r, a, r, y. Potchula kweza mawu pa "tem".

Jambula pepala lonselo unditumizire usiku uno, tidutsemo limodzi mafunso enawo MSCE isanafike. Achemwali, muzimusiyirako foniyo madzulo.