Msuweni, za mapemphero a pa foni zija

Eee, moni nonse m'gulumu. Amayi aang'ono, uthenga wanu wa m'mawa ndauona, ndikuyankhani padera. Uwu ndi wa msuweni wanga, koma amene akufuna kumvera amvere, mulibe zachinsinsi. Dikirani kaye nditseke chitseko, anawa akusokosa. Eya.

Ndiye iwe msuweni wafunsa kuti, ima ndiwerenge mmene walembera, "Kodi munthu akamatsatira mapemphero pa Facebook Lamulungu ali pakhomo, Mulungu amawerengera kuti wapita ku tchalitchi?" Ndipo walemba zimenezi 2 koloko usiku. Iwe! Iwe amene unkawodzera pa benchi ulaliki usanafike ndi pakati pomwe, agogo nkumakutsina pantchafu, lero ukudera nkhawa za kaundula wa kumwamba? Ayi, ndimakudziwa ine. Munthu sakhala maso mpaka 2 koloko chifukwa cha Facebook. Pansi pa funso lakoli pali lina. Ndifikapo, usandithamangitse.

La Facebooklo ndi losavuta. Pa Yohane 4 Ambuye anauza mayi wa ku Samariya uja kuti nthawi ikudza imene anthu sadzapembedza paphiri ili kapena ku Yerusalemu, koma mumzimu ndi m'choonadi. Paulo makalata ena anawalemba ali m'ndende, anthu akuwerengerana ali kutali, ndipo unali mpingo ndithu. Ngakhale Papa Francis, ife si Akatolika koma tinaona tonse, pa 27 Malichi 2020 anaima pabwalo la St Peter lopanda anthu, mvula ikugwa, akulalikira za namondwe wa pa Maliko 4, anthu akutsatira m'nyumba zawo. Ndiye inde, pemphera pa fonipo. Kungoti uzidzuka pabedi, usambe kumaso, ndikukudziwa.

Koma ndikuuze za amalume kaye. Aaa, amalume kwa ine, kwa iwe ndi abambo aakulu. Zaka zonsezi ntchito yawo ku tchalitchi inali imodzi basi, kuima pakhomo nkumapereka moni wa m'manja. Sanalalikirepo. Ku kwaya ukudziwa zimene zinachitika chaka chija, tisazibwereze. Koma dzanja lija! Akakugwira sakusiya mpaka uwauze mmene adzukira onse a kwanu, ndi mwendo wa amayi ako womwe. Kwa iwo kupemphera kunali kumeneko. Ndiye a bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO atalengeza pa 11 Malichi 2020 kuti korona ndi mliri wa dziko lonse, nkuyamba kumveka zoti osapatsana moni wa m'manja, khalani motalikirana, valani masiki, amalume zinawalasa mumtima. Ankati Chikhristu chopanda chanza ndi Chikhristu chanji. Masiki yawo inkakhala m'thumba la jekete, yopinda bwinobwino ngati hanki. Ukawauza kuti amalume valani, iwo amakuyankha ndi Salimo 91 ya pamtima, zakuti sudzaopa mliri woyenda mumdima, zakuti anthu chikwi adzagwa pambali pako koma iwe sichidzakukhudza. Ndipo sankanena mwamwano ayi, ankakhulupiriradi. Ine ndinakangana nawo kawiri, kachitatu ndinangowasiya.

Tsiku lina m'mawa, linali Lachitatu... ayi ndanama, linali Loweruka, chifukwa ankakonzekera za mawa lake. Akupolisha nsapato, nkuitana anti, ati polishi uyu wafwifwa, sakununkha. Anti kununkhiza, fungo lili tho. Kuwapatsa sopo, osamva kanthu. Anti anangokhala pansi. Pofika madzulo thupi latentha, kachifuwa kouma kayamba. Atakayezetsa anawapeza ndi kachilombo ka korona, nkuwauza kuti abindikire masiku 14.

Anawakonzera kachipinda ka kuseri kaja, kamene munkagona inu pa holide. Anti ankaika mbale pampando pakhomo, kugogoda kawiri, nkubwerera m'mbuyo mpaka pa khonde. Kapu yawo anaimanga kaulusi kofiira pa chogwirira kuti isasokonekere ndi za ena. Tangoganiza, munthu amene moyo wake wonse ndi kugwira anthu manja, mkazi wake yemwe akumuthawa ngati moto. Anti anandiuza kuti akagogoda ankaima kaye kumvetsera, akamva mpando ukukokedwa ndiye mtima umakhala pansi. Masiku ovuta anali a pakati, tsiku la 7, la 8. Tinabwereka kachipangizo kopanira chala kaja, koyeza mpweya m'magazi. Adokotala anati kakafika pa 92 musadikire, thamangani nawo. Usiku wina kanaima pa 93, amalume akutiwerengera manambala pawindo ola lililonse, ife tili panja ndi makiyi a galimoto m'manja. M'bandakucha kanakwera 95. Ine ndinalira, sindikubisira.

Ndiye m'kachipindamo analibe china koma Baibulo ndi foni. Tsiku lina andiimbira kusanache, mawu ali osasa. Ati mwana wa mlongo wanga, tsegula Mateyu 4. Ndatsegula. Ati werenga pamene Satana wawaika Ambuye pamwamba pa kachisi nkuwauza kuti dziponye pansi, angelo akuwakha. Ati mawu akutchula Satanawo ukuwadziwa kumene achokera? Ndi Salimo 91 yanga ija. Ndipo Ambuye sanakane kuti salimoyo ndi yoona, anangoyankha kuti usamuyese Ambuye Mulungu wako. Kenako anakhala chete nthawi yaitali, ine nkumayesa netiweki yathawa. Ati zaka zonsezi ndimawerenga ndime imeneyi, sindinaione.

Mawa lake andiimbiranso, ulendo uno akuseka mpaka kutsokomola. Apeza Levitiko 13, pamene wansembe amamutsekera munthu wa nthenda ya pakhungu masiku 7, akamuonanso nkumutsekeranso ena 7. Ati ndiye kuti masiku 14 anga anayamba ndi Mose, ine ndimayesa ndi nzeru za madokotala. Abusa nawonso powaimbira anawauza za Martin Luther, kuti mu 1527 mliri utafika mumzinda wake wa Wittenberg ku Germany iye sanathawe, nyumba yake inasanduka ngati chipatala, mkazi wake ali woyembekezera. Koma Luther yemweyo analemba kuti munthu apemphere, amwe mankhwala, ayeretse nyumba, ndipo asapite kumene sakufunikira kuopa kutenga matenda nkukapatsira ena. Amalume nkhani imeneyi anaikonda, mpaka pano aliyense wobwera amamuuza, chaka chomwe amachitchula.

Koma chimene chinkawasowetsa tulo sichinali chifuwa. Anali manja aja. Anapempha kope ndi cholembera, anti anakankhira pansi pa chitseko, nkuyamba kulemba aliyense amene anamugwira dzanja sabata imeneyo. Anakwana 17. Anawaimbira mmodzimmodzi, kuwauza kuti ndapezeka nako, kayezetseni, ndipo mundikhululukire. Bambo wa msinkhu umene uja, wouma mutu mmene timawadziwira, kupepesa kwa anyamata a zaka 20. Ndipo atachira kope lija sanalitaye. Anawonjezera mayina, amasiye, okalamba, amene ntchito inawathera. Tsiku lililonse amaimbira atatu. Moni uja wa pakhomo pa tchalitchi anangousamutsira pa foni, ndipo kutalika kwake ndi komweko, sakusiya mpaka uwauze za mwendo wa amayi ako.

Eee, ndatalikitsa. Mphindi zingati izi? Pepani a m'gulu. Komatu ndafika tsopano.

Msuweni, iwe sukufunsa za tchalitchi. Ukufunsa za agogo. Ukufunsa ngati unachimwa posapita kukawaona ali m'chipatala, ndi posabwera pa maliro. Ndipo ndikudziwa kuti mawu aja ananena uje, akuti ena amaopa imfa kuposa Mulungu, anakufika. Sinditchula dzina, mwiniwake akumva, ndipo ndinalankhula naye kale.

Tamvera chimene sunauzidwe. Ine ndinkayesa amalume anakuuza, iwo ankayesa ndinakuuza ine, tazindikira dzulo lomweli. Ku wodi kuja sankalola aliyense kulowa, ngakhale ife amene tinali pafupi tinkathera pageti. Ukanabwera ukanaima nafe pageti pomwepo. Koma usiku wotsiriza uja amalume anapempha nesi wa usiku, mayi wachifundo kwambiri, Mulungu amudalitse kumene ali. Anakulunga foni m'kapulasitiki nkuiika pa pilo pafupi ndi khutu la agogo. Amalume anawaimbira nyimbo yawo ija, inde, ndi mawu awo omwe aja, ndipo akuti agogo ankagwedeza chala motsatira. Kenako anasuntha chopumira chija pang'ono nkuyamba kufunsa ana, mmodzimmodzi, mawu awiri nkupuma, mawu awiri nkupuma. Atafika pa iwe anati, "Ameneyo asayerekeze kubwera. Asamale mwana." Anabwereza kawiri, chifukwa amakudziwa kuti ndiwe wosamva.

Unali ndi khanda la milungu 5, msuweni. Uli ndi mphumu kuyambira uli wamng'ono, agogo omwewo ndi amene ankakhala nawe tsonga usiku chifuwa chikakubanika. Ukuganiza kuti akanakondwa kukuona utalowa m'wodi imene ija? Sunachimwe. Unachita zimene iwo anapempha, usanamve nkomwe kuti apempha. Kukhala kwako pakhomo kunali kuwakonda, iwo ndi mwana amene unamutcha dzina lawo.

Ndipo china, chimene ine chinanditengera miyezi kuti ndichimvetse, chifukwa nanenso pageti paja mtima unkandiimba mlandu. Timaganiza ngati Mulungu amafika pabedi la wodwala pokhapokha ife tamutengera kumeneko. Kapitawo wa asilikali wa pa Mateyu 8 uja anauza Ambuye kuti musavutike kubwera kunyumba kwanga, ingonenani mawu, ndipo wantchito wake anachira ola lomwelo, Ambuye ali kutali. Agogo sanachire, inde, ndipo sindinganame kuti ndikudziwa chifukwa chake ena anatuluka m'wodi muja ena ayi. Atafunsidwa za munthu wobadwa wosaona uja pa Yohane 9, Ambuye anakana zoti pali amene anachimwa, ndiye nanenso sindilola munthu aliyense kundiuza kuti mliriwu ndi chilango cha uje kapena uje. Chimene ndikudziwa ndi chakuti agogo sanafe okha. Amene anamutumikira zaka zonse zija anali momwemo, sanafunikire chilolezo cha pageti.

Ine masiku ano, akuti tizisamba m'manja ndi sopo masekondi 20, eti? Ndinapeza kuti Atate Wathu wa Kumwamba, ukamunena mosathamanga, amakwana bwinobwino. Ndiye ndikaima pa sinki ndimapemphera, ndikafika pa mutikhululukire mangawa athu thovu lili m'manja, ndimatchula anthu mumtima. Iwe ndakhala ndikukutchula kuyambira tsiku la maliro, chifukwa ndinaona kuti m'gulu muno unangoti zii. Zithunzi za mwana unasiya kutumiza. Iwe amene unkatidzazira mafoni ndi zithunzi 30 za mwana akuyasamula!

Ndiye ndibwerezenso, chifukwa ndikudziwa kuti umvera uthengawu uku ukuchapa matewera, theka likudutsa. Sunawataye agogo. Iwo anati usabwere, iwe sunabwere, ndipo Mulungu alibe nawe mlandu pa nkhani imeneyi. Ukafuna kulira lira, ndi agogo ako, unawasowa ndipo sunatsanzikane nawo, zimenezo zimapweteka ndipo zipwetekabe. Koma kudziimba mlandu kuja usiye.

Lamulungu ndikuimbira mapemphero asanayambe, titsatire limodzi, iwe uko ine kuno, tiimbe ngakhale mawu azichedwerana. Komanso amalume akuti uli pa kope lawo, tsiku lako ndi Lachiwiri. Foni ikalira uyankhe, ndipo ukhale utayamwitsa kale mwana, chifukwa sakusiya msanga. Akufuna akuuze okha mmene agogo ananenera, ine mwina ndaphonya mawu ena. Eya, ndi uyo wina akugogoda. Utumize chithunzi cha mwanayo lero, tione ngati mano ayamba.