Yankho la funso lako la loya uja, Zohrab

Eee, mphwanga, ndamva funso lako lija, loti bambo wa pa chithunzi chimene Aarmeniya amaika pa 24 Epulo, tsiku lokumbukira kuphedwa kwa anthu a mtundu wawo, ndani. Dikira kaye nditsitse wailesi... eya. Ameneyo ndi Krikor Zohrab, loya, wobadwa mu 1861 ku Constantinople, komwe lero timati Istanbul.

M'khoti anali katakwe. Nthawi ya Sultan Abdul Hamid, mfumu ya ufumu wa Ottoman (wa Aturuki), Aarmeniya akuphedwa cha m'ma 1895, iyeyo ankaimira anthu oimbidwa milandu youkira boma, ija maloya ena ankaithawa. Mapeto ake boma linamuletsa ntchito ya uloya. Mu 1908 gulu la Young Turks, la Aturuki ofuna kusintha ulamuliro, litakakamiza Sultan kutsegulanso nyumba ya malamulo, Zohrab anabwerako ku Paris, komwe ankakhala panthawiyo, n'kusankhidwa kukhala phungu.

Tsono chimene chimandiwawa ine ndi ichi. Talaat, nduna ya za m'dziko, anali mnzake, mnzake wosewera naye makadi. Usiku wa pa 24 Epulo 1915 apolisi anatola atsogoleri a Aarmeniya oposa 200 mumzindamo, aphunzitsi, madokotala, olemba nyuzi, ansembe. Koma Zohrab apolisiwo sanamugwire. Ukadakhala iwe ukadathawa, eti? Iye ayi, anapita kwa Talaat yemweyo kukadandaula, ngati loya amene akukhulupirirabe kuti lamulo likadalipo. Anthu amasimba kuti usiku womaliza Zohrab asanamangidwe, awiriwa anasewera makadi ku kalabu yotchedwa Cercle d'Orient, ndipo potsanzikana Talaat anamupsompsona patsaya. Tangoganiza.

Kumayambiriro kwa Juni apolisi anamanga Zohrab pamodzi ndi Vartkes Serengülian, phungu wa ku Erzurum. Koma usawasokoneze awiriwa: woukira weniweni anali Vartkes, wa chipani cha Aarmeniya cha Dashnak, yemwe anakhalapo zaka m'ndende. Zohrab zida zake zinali pakamwa ndi cholembera basi. Anawauza kuti akukazengedwa mlandu kukhoti la asilikali ku Diyarbakir. Anadzera ku Aleppo, koma kukhotiko sanakafike. Mu Julayi, kufupi ndi Urfa, gulu la zigawenga lotsogozedwa ndi Cherkes Ahmet linawapha onse awiri panjira. Akuluakulu n'kulengeza kuti Zohrab wafa ndi nthenda ya mtima! Ahmet uja naye boma lomwelo linamupachika ku Damascus chaka chomwecho.

Batire yatsala pang'ono kutha. Upereke moni kwa alamu ndi ana.