Mankhwala owala akakumana ndi cadmium: tiwakhulupirire mpaka pati?

Mmodzi wa owerenga anandilembera imelo. Akuti anamva za mankhwala amene amawala akakumana ndi cadmium m'madzi, ndiye akufunsa kuti amagwira ntchito bwanji, komanso ngati angalowe m'malo mwa labotale.

Funso limeneli landikhudza, chifukwa cadmium, chitsulo chapoizoni, ndi mdani wobisala. M'madzi sioneka, sinunkha. Ikalowa m'thupi imakakhazikika mu impso, ndipo pamatha zaka 10 mpaka 30 kuti theka lake lokha lichoke. Ku Toyama, m'dziko la Japan, alimi ankathirira mpunga ndi madzi a mtsinje wa Jinzu, oipitsidwa ndi mgodi wa Kamioka. Anthu, makamaka amayi achikulire, mafupa awo anafewa n'kumangothyoka. Matendawo anawatcha itai-itai, mfuu ya munthu womva ululu, ndipo mu 1968 boma linavomereza kuti gwero lake ndi cadmium. Malire a cadmium amene bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linaika pa madzi akumwa ndi mamiligalamu 0.003 okha pa lita.

Mankhwala owala aja ndi timamolekyu ta mbali ziwiri. Mbali ina imawala ikaunikidwa, kawirikawiri ndi nyali ya UV. Inayo ili ngati chikhatho chogwirira chitsulo, nthawi zambiri chokhala ndi maatomu a nayitirojeni. Chikhatho chikakhala chopanda kanthu, chimaponyera elekitironi mbali yowala ija, kuwala n'kuzima. Chikangogwira cadmium, elekitironi ija imamangika pomwepo, kuwala n'kuyaka. Njirayi imatchedwa PET (photoinduced electron transfer, kusamuka kwa elekitironi chifukwa cha kuwala), ndipo A. P. de Silva wa ku Queen's University Belfast ndi mmodzi mwa amene anaikuza. Ine imandisangalatsa mpaka lero!

Koma vuto lili apa. Cadmium ndi zinki ndi pachibale, zili m'gulu limodzi la 12 pa tchati cha maelementi, choncho chikhatho chogwira cadmium nthawi zambiri chimagwiranso zinki. Zinkiyo ndiye imapezeka yambiri m'madzi kuposa mbale wakeyo. Asidi nayenso amatha kuyatsa kuwala m'madzi opanda chitsulo chilichonse, pamene chitsulo cha kopa chimatha kukuzimitsa cadmium ilimo. Ndipo ambiri mwa mankhwalawa amasungunuka movutikira m'madzi enieni.

Ndiye ayi, labotale musaisiye. Mankhwalawa ndi othandiza posefa mwachangu madzi ambiri, kuti mudziwe oyenera kukayezedwa ndi makina a mu labotale oyezera zitsulo, a AAS kapena ICP-MS. Wina akakuonetsani chida chotere, mumufunse ngati anachiyesa m'madzi okhala ndi zinki wambiri, komanso ngati chimafikadi pa 0.003 paja.