Za Pip ndi mlamu wake wosula zitsulo

Mdzukulu wanga wina amene wayamba ntchito ku Dwangwa wandifunsa za buku la Charles Dickens la mu 1861, Great Expectations. Akuti: "Agogo, anthu a m'bukumu akundinyansa. Pip ndi wodzimva, Estella alibe chisoni ndi munthu, Pumblechook amasekerera pokhapo pali ndalama. Kodi ndipitirize kuwerenga za anthu oterewa?"

Pitiriza, mwanawe, ndipo kunyansidwako ndi kwabwino, kukusonyeza kuti unaleredwa. Estella usamuweruze msanga, anachita kuphunzitsidwa nkhanzazo ndi Miss Havisham amene anamulera. A Pumblechook ndiye ali m'mudzi uliwonse, amatulukira mpunga ukacha. Koma ine ndimayembekeza kuti undifunsa za Joe, chifukwa nkhani yagona pamenepo.

Joe anali mlamu wake wa Pip, mwamuna wa mlongo wake, munthu wosula zitsulo wosapita kusukulu. Ndiye analera mwana wamasiyeyu ndi kumutchinjiriza ku ukali wa mlongo wakeyo. Pip atapeza chuma n'kupita ku London, Joe anamutsatira kukamuona, mnyamata n'kuchita naye manyazi chifukwa cha zovala ndi kadyedwe. Mpaka Joe anayamba kumutchula kuti bwana, mwana womulera yekha! Pip atabwera kwawo anakagona kunyumba ya alendo, pakhomo pa Joe osapondapo. Pamenepo mtima wanga umawawa kwambiri.

Kuno ku Nkhotakota sizinkatheka zimenezo. Amuna akabwera kuchokera ku Joni pa nthawi ya Wenela, bungwe limene linkatenga anthu kukagwira ntchito kumigodi, sutikesi sinkatsegulidwa asanaonekere kwa amene anawalera. Munthu ankafika pakhomo pa amalume ake, suti ili m'thupi, n'kunjuta pansi, kuwomba m'manja, kupereka bulangete. Ndimakumbukira achimwene anga atavula nsapato zatsopano kuseri kwa nkhokwe kuti asalowe nazo pabwalo pa agogo. Anadya kondowole ndi usipa ndi manja, mbale imodzi ndi ife, ndipo usiku umenewo anagona pamphasa. Malipiro oyamba a mwana ankapita kwa omulera, iwo n'kutapapo pang'ono, kumudalitsa, otsalawo kumubwezera. Azakhali amene anagulitsa mpunga wawo kuti fizi ipezeke ankayamba ndiwo kulawa shuga.

Lero mumatumiza pa Mpamba kapena Airtel Money, uthenga n'kulira pafoni, basi mwathana nazo. Sindikunyoza, ndalamazo zimatithandiza, ndipo ndikudziwa kuti tchuthi n'chovuta kupeza. Koma foni sigwada, ndipo wokulera safuna ndalama zokha. Amafuna akuone nkhope, aone ngati ukudya bwino, anthu apamudzi aonenso kuti mwana uja sanatayike. Ena mukabwera mumafikira kumalo ogona alendo kuboma, kumudzi n'kungodutsako masana galimoto ili chilizire.

Ukawerenga mpaka kumapeto uona kuti ndalama za Pip zinkachokera kwa Magwitch, mkaidi wothawa amene iye anamupatsa chakudya ali mwana. Chuma chitatha, Pip atadwala, amene anabwera kudzamudwazika ndi kumulipirira ngongole ndi Joe yemwe uja.

Tsono mwezi uno ukalandira, kwera minibasi upite kwa azakhali ako ku Linga. Ugule shuga ndi chitenje, ukagone komweko, ndipo ukakathandize kupuntha mpunga usanabwerere kuntchito.