Lole yaikulu si imene ingapulumutse mikisa yanu

Wowerenga wina wanditumizira imelo. Ali ndi kampani yaing'ono yobwereketsa masipika, magetsi a pasiteji ndi mikisa, makina osakanizira mawu. Akuti zoimbaimba zikatha usiku, kupakira kumawatengera nthawi yaitali, anyamata amangokangana pakhomo la lole, ndipo ulendo wina atafika anapeza bokosi la ma amplifier litagubuduka n'kuphwanya mikisa. Akufunsa ngati kuli bwino agule lole yaikulu.

Achimwene, ndalamayo isungeni kaye. Mikisa yanu sinasweke chifukwa lole inachepa. Inasweka chifukwa bokosi lija linali ndi mpata wothamangira, ndipo lole yaikulu idzangowonjezera mpatawo.

Dalaivala akaponda mabuleki mwadzidzidzi, lole imaima koma katundu amafuna kupitirira. Muyezo wa ku Ulaya wa kamangidwe ka katundu pagalimoto, EN 12195-1, umati katundu amangidwe moti apirire mphamvu yomukankhira kutsogolo yofika 0.8 ya kulemera kwake, ndi theka la kulemera kwake cham'mbali komanso chakumbuyo. Ndiye kuti bokosi la makilogalamu 200 limakankha ngati makilogalamu 160, ndipo lanulo lili pa mawilo. Musadalire timabuleki ta pa mawilowo. Ntchito yake ndi kuimitsa bokosi pasiteji, si pamsewu.

Choncho mzere woyamba ugunde khoma la kutsogolo kwa lole, osasiya danga ngakhale lolowa dzanja. Mzerewo udzaze kuchokera mbali ina kufika mbali inzake, muumange ndi lamba, kenako muyambe wachiwiri. Mukamanga lamba m'modzi yekha kumapeto, ndiye kuti katundu yense mwamusenzetsa lamba ameneyo. N'chifukwa chake makampani akuluakulu samangopanga mabokosi a misinkhu iliyonse. Ku Ulaya mabokosi olimba onyamulira zidazi, otchedwa ma flight case, ambiri amakhala otambalala masentimita 60, 80 kapena 120, kuti anayi, atatu kapena awiri adzaze masentimita 240 a m'kati mwa lole. Ku America amatsata mainchesi 22.5, 30 ndi 45 pa chifukwa chomwecho. Inu tengani tepi, yezani m'kati mwa lole yanu, ndipo bokosi lililonse latsopano muzipangitsa motsata muyezo umenewo. Amene muli nawo kale, mipata yake tsekani ndi makatani a pasiteji kapena makapeti opindidwa. Mabokosi amene sangawonongeke akagonekedwa, monga a zingwe, agonekeni kuti mawilo achoke pansi.

Zolemera pansi, zopepuka pamwamba. Izi aliyense amazidziwa. Chimene ambiri amaphonya n'chakuti bokosi lolemera kwambiri kawirikawiri si la masipika, koma la zingwe zamagetsi zikuluzikulu, chifukwa m'kati mwake ndi mkuwa wokhawokha. Lembani kulemera kwa bokosi lililonse pachivundikiro chake. Zolemerazo zisaunjikane mbali imodzi, ndipo zisakhale kuseri kwa matayala akumbuyo, chifukwa kutsogolo kukapepuka chiwongolero chimayamba kuyandama. Kachitsulo kolembedwa ka pa lole kamanena kulemera kololedwa kwa galimoto yonse ndi kwa ekiselo iliyonse payokha. Tsiku lina mutapakira zonse, pitani pa sikelo yoyezera magalimoto. Ikaonetsa kuti mwapyola, pamenepo ndi pamene nkhani yogula lole ina ingakhale ndi mutu.

Za kuchedwa kwanuko, vuto ndi lakuti mumapakira chilichonse chimene chafika pakhomo. Ganizirani za kumene mukupita. Mukafika pamalo atsopano, zoyamba kufunika ndi ma truss (zitsulo zopachikapo magetsi ndi masipika), mamota okwezera ndi zogawira magetsi, chifukwa palibe chimene chingapachikidwe zimenezi zisanaime. Ndiye zikhale pafupi ndi khomo. Mwayi wake, pophwasula siteji zimenezi ndi zimene zimatsika komalizira, choncho dongosolo limagwirizana lokha. Mukapeza kapakiridwe kamene kakukwana bwino, jambulani mzere uliwonse pafoni, lembani manambala pa mabokosi, ndipo pepala la dongosololo limatidwe m'kati mwa chitseko.

Mkangano wa anyamata uja umatha mukasankha munthu m'modzi woima m'kati mwa lole. Iye yekha ndiye aitane bokosi lotsatira, ndipo palibe bokosi lokwera asanaliitane. Ena onse aziwandandalitsa panja. Ine ndimaona kuti ameneyu asakhale mwini kampani, chifukwa mwini amaitanidwa uku ndi uko, wina akufuna risiti, wina akufunsa maikolofoni yake. Sankhani wamaso, wodekha, amene mawu ake amamveka.

Pa rampu ndi pamene anthu amavulala kwambiri. Onetsetsani kuti yakola bwino pa lole, ndipo ngati yanyowa ipukuteni. Bokosi lolemera lisakwere ndi munthu m'modzi: ena akankhe kumbuyo, ena agwire m'mbali, ndipo likangoyamba kukwera asaime pakati. Likapulumuka, lisiyeni lipite. Bokosi mudzagula lina. Zala zisakhale m'makona, pamene mabokosi awiri amakumana, koma pa zogwirira. Magolovesi ndi nsapato za chitsulo kutsogolo zikhale lamulo. Ngati lole yanu ili ndi tail lift, chitsulo chakumbuyo chokweza katundu ndi makina, dziwani kuti kulemera kolembedwa pamenepo kumachepa katundu akamatalikira lole, ndiye bokosi liime pakati, chakufupi ndi galimoto.

Malamba akhale a ratchet, aja okhala ndi kachitsulo kokokera ndi kumangitsa, osati zingwe zoluka. Lamba wabwino amakhala ndi kachikwangwani kosonyeza LC, kutanthauza mphamvu imene angapirire, mu daN (daN imodzi ndi pafupifupi kulemera kwa kilogalamu imodzi). Wopanda kachikwangwani, wong'ambika kapena womangidwa mfundo, tayani. Pamene lamba akudutsa pa kona yakuthwa ikanipo chotetezera. Komanso musakoke mpaka bokosi kulira, chifukwa thabwa la flight case limapindika.

Mikisa yaikulu iyende choimirira m'bokosi lake, yomangidwa kukhoma payokha, popanda chilichonse pamwamba. Magetsi a mababu adikire kuzizira asanatsekeredwe. Jenereta yokhala ndi mafuta ndi masilinda a gasi zimangidwe choimirira, kutali ndi zida zamagetsi.

Mukanyamuka, imani mutayenda pang'ono n'kukokanso malamba, chifukwa katundu akagwedezeka amakhazikika ndipo malamba amamasuka. Pofika, tsegulani chitseko chimodzi kaye mutaima cham'mbali, musuzumire ngati palibe chimene chatsamira chinzakecho. Ndipo dalaivala asakhale m'gulu la opakira. Pamene ena akukankha mabokosi, iye akhale akugona, adzadzuke kudzayendera malamba basi.