Msonkho wa malo ndi sukulu za Angelezi ku India, yankho langa kwa achimwene anafunsa aja

Achimwene, funso lanu ndaliona usiku wathawu, mukufunsa kuti ngati Angelezi anazunzadi anthu ku India monga timamvera, nanga zinatheka bwanji kuti iwo omwewo ndi amene anatsegula masukulu ndi mayunivesite kumeneko. Ndaonanso wina mmakomentimu wayankha kale kuti anawathandiza basi asamadandaule. Ine ndinaphunzitsako history kusekondale ndipo nkhani imeneyi imandikhudza kwambiri, ndiye mundipirire ndilemba motalikirapo. Mmene ndimaionera ine, msonkho wa malo ndi sukulu zinatuluka mu ofesi imodzi, ndipo msonkho ndi umene unatsogola.

Poyamba penipeni amene ankalamulira silinali boma la Britain ayi, inali kampani ya malonda, East India Company. Itapambana nkhondo ya ku Plassey mu 1757 kenaka ya ku Buxar mu 1764, mfumu yaikulu ya ku India ya banja lachifumu la Mughal, Shah Alam II, inaipatsa mu 1765 mphamvu yotolera msonkho ku Bengal, Bihar ndi Orissa, mphamvu imene ankaitchula kuti diwani. Tangoganizani, anthu obwera kudzagula nsalu asanduka otolera msonkho, ndiye nsalu zija akugula ndi ndalama yochokera mthumba mwa eni dziko omwewo. Patangodutsa zaka zisanu, mu 1770, ku Bengal kunagwa njala yoopsa moti zimanenedwa kuti pa anthu atatu aliwonse mmodzi anafa, koma kutolera msonkho sikunaime. Mu 1772 bwanamkubwa wa kampaniyo ku Bengal, Warren Hastings, anaika mzungu m'boma lililonse ndipo dzina la udindo wake linali Collector, kutanthauza wotolera, mpaka lero ku India mkulu wa boma amatchedwabe choncho mmadera ambiri. Kwathu kuno nthawi ya Harry Johnston azungu a paboma ankatchedwanso ma Collector asanadzakhale ma DC tikuwadziwawa, dzinalo lokha likukuuzani ntchito imene anabwerera.

Tsono pamene pali fupa ndi 1793. Bwanamkubwa wamkulu Lord Cornwallis anakhazikitsa chimene amati Permanent Settlement. Kunali anthu otchedwa ma zamindar, amene kuyambira kale ankatolera msonkho mmidzi m'malo mwa mfumu, iye anawatenga amenewa nkunena kuti kuyambira lero inu ndi eni malo, ndipo ndalama yoti muzipereka ku kampani ndi yakuti, siidzasinthanso mpaka kalekale. Pa magawo 11 a zimene zamindar watolera, 10 anali a kampani, limodzi lake. Ndipo panali lamulo limene anthu analipatsa dzina la kulowa kwa dzuwa, loti tsiku lomaliza kulipira likafika, dzuwa nkulowa ndalama isanakwane, malo ako apita pa okushoni, kaya mvula inavuta kaya madzi anasefukira palibe womvera. Ndimaganizira munthu ali pakhonde la ofesi madzulo, marupi asiliva akuwerengedwa limodzilimodzi patebulo, iye maso ali kumadzulo dzuwa likufiira. Mabanja ambiri akale anataya malo mzaka zoyambirirazo, ogula ambiri anali amalonda ndi anthu a ndalama a mu Calcutta oti khasu sanaligwirepo.

Nanga mlimi? Apa ndi pamene pamandiwawa. Munda umene makolo ake anaswa mphanje, tsiku limodzi wangodzuka ali wobwereka, akulipira lendi. Ndalama ya zamindar ku boma anaimangirira kuti isakwere, koma lendi ya mlimi kwa zamindar sanaimangirire. Ndiye zaka zikupita mitengo ya mbewu ikukwera, zamindar akukweza lendi, iye wasamukira mtauni, malo wabwereketsa kwa wina, winayo wabwereketsanso kwa wina, aliyense pamzerepo akufuna kudyapo, ndipo onsewo akudya thukuta la munthu mmodzi amene ali mmatope kuwokera mpunga.

Kampani itazindikira kuti ku Bengal yadzimanga yokha manja, kumadera ena inasintha njira. Ku Madras, Thomas Munro amene anakhala bwanamkubwa mu 1820 analimbikitsa ryotwari, yoti boma lizitolera kwa mlimi mwini, ryot, popanda zamindar pakati, ndipo ku Bombay anatsatiranso yomweyo. Kumpoto kunali mahalwari kuyambira 1822, mudzi wonse umawerengedwa pamodzi, wina akalephera anzake asenze. Ryotwari imamveka bwino ukamaimva, koma poyamba msonkho unkafika pafupifupi theka la zokolola, ndipo ankafuna ndalama osati mbewu. Munthu alibe ndalama apita kuti? Kwa wakatapila, amene kumeneko amati sahukar. Nkhondo ya pachiweniweni ya ku America ya 1861 mpaka 1865 inakweza mtengo wa thonje poti la ku America linasowa, alimi a ku Deccan, m'chigawo cha Bombay, anakongola zambiri poti zinthu zimayenda, nkhondo itatha mtengo unagwa, msonkho nkukwezedwanso. Mu 1875 anthu anatopa, zinayambira pa Supa kufupi ndi Poona tsiku lamsika, analowa mnyumba za akatapila, ndipo chimene ankafuna kwenikweni chinali mapepala angongole amene anadindapo chala osatha kuwawerenga. Anawaunjika panja nkuwatentha.

Mwaona mmene pepala likulamulira nkhani yonseyi? Kuyeza minda, kulemba kaundula, kudula malisiti, milandu ya malo kukhoti, zonsezi zimafuna makalaliki miyandamiyanda, ndipo kuitanitsa mzungu kuchokera ku London kuti adzakhale pa desiki iliyonse kukanadya phindu lonse. Sukulu ija mukufunsa inalowera pakhomo limeneli.

Mu 1813 nyumba ya malamulo ya ku Britain inalamula kampani kuti izipatula marupi 100,000 pachaka a maphunziro, ndalama yochepetsetsa pa dziko lalikulu chonchija, ndipo inalolanso amishoni kulowa. Kenaka mkangano unabuka woti aziphunzitsa mchilankhulo chanji, ena amati Sanskrit, Arabic ndi Persian, ena amati Chingelezi. Ndinene chilungamo apa, si azungu okha ankafuna Chingelezi. Raja Ram Mohan Roy, mbadwa ya ku Bengal, mu 1823 analembera bwanamkubwa Lord Amherst kupempha kuti ana aziphunzira masamu ndi sayansi ya ku Ulaya, ndipo Hindu College ya ku Calcutta inatsegulidwa mu 1817 eni dziko atasonkha ndalama zawo. Koma amene anadula mlandu ndi Thomas Macaulay, mzungu wa mu khonsolo ya bwanamkubwa, mu 1835. Analemba poyera kuti shelefu imodzi ya mabuku abwino a ku Ulaya imaposa mabuku onse a ku India ndi Arabia, chonsecho anavomereza yekha kuti Sanskrit ndi Arabic sankazidziwa. Cholinga anachinenanso osabisa, kupanga kagulu ka anthu a magazi ndi khungu la chi India koma maganizo ndi zokonda za Chingelezi, oti azikhala otanthauzira pakati pa olamula ndi anthu mamiliyoni olamulidwawo. Bwanamkubwa William Bentinck anavomera chaka chomwecho. Mu 1837 Persian inachotsedwa mmakhoti, mu 1844 bwanamkubwa Lord Hardinge analengeza kuti polemba ntchito m'boma aziyamba kuona odutsa sukulu za Chingelezi. Chiyembekezo chawo chinali choti ukaphunzitsa apamwamba ochepa nzeru idzatsikira yokha kwa apansi.

Komanso tisaganize kuti kunalibe sukulu azungu asanabwere. William Adam amene anayendera Bengal ndi Bihar kuyambira 1835 mpaka 1838 anapeza timasukulu tammidzi tambiri, ma pathshala, ana atakhala pansi pakhonde kapena patsinde pa mtengo, kuyamba kulemba padothi, kenaka pa tsamba la mgwalangwa, kenaka la nthochi, pepala pamapeto, akuphunzira kuwerengera ndi kulemba makalata mchilankhulo chawo. Sitinali tangwiro ayi, atsikana munalibe ndipo ana a mitundu yonyozedwa, imene ku India inkatengedwa ngati yapansi kuyambira pobadwa, ambiri sankafikamo, koma ndi timene tinali pafupi ndi mwana wa mlimi, ndipo ndalama ija sinapite kumeneko.

Mu 1854 Charles Wood, mkulu woyang'anira za India ku London, anatumiza chikalata chokonza zinthu, kuti chigawo chilichonse chikhale ndi dipatimenti ya maphunziro, pulayimale ikhale mzilankhulo za anthu, atsikana aphunzire, sukulu zoyima pazokha zizithandizidwa ndi boma. Mayunivesite a Calcutta, Bombay ndi Madras anatsegulidwa mu 1857, chaka chomwe asilikali ndi anthu ambiri kumpoto anaukira, ndipo mu 1858 boma la Britain linalanda ulamuliro mmanja mwa kampani. Papepala za Wood zinali zabwino ndithu. Koma mu 1882 komishoni ya Hunter inapezabe kuti pulayimale ndi yotsalira, ndipo Gopal Krishna Gokhale, mtsogoleri wa chi India, atabweretsa bilu mu 1911 yoti pulayimale ikhale yokakamiza inakanidwa chaka chotsatira. Mmadera ena sukulu zakumudzi ankazilipirira ndi kamsonkho kena kowonjezera pamwamba pa msonkho wa malo, ndiye amene akuti anawathandiza aja andiuze kuti analipira ndani. Kalembera wa 1951, patangotha zaka zinayi Angelezi atachoka, anapeza kuti odziwa kulemba ndi kuwerenga anali pafupifupi 18 pa 100 aliwonse, amayi osafika ndi 10 omwe.

Sindikukana kuti panatuluka zabwino, ndingakhale wabodza. Jyotirao Phule ndi mkazi wake Savitribai anatsegula sukulu ya atsikana ku Poona mu 1848, Ambedkar amene anabadwira mu mtundu wonyozedwa anadutsa msukulu zomwezi mpaka kudzatsogolera ntchito yolemba malamulo aakulu a dziko la India. Dadabhai Naoroji anatenga ziwerengero za boma lomwelo nkuonetsa mmene chuma cha India chinkakhukhulizidwira ku Britain, ndipo mu 1892 analowa mnyumba ya malamulo ku London. Koma zimenezi anthuwo anachita kuzilanda ndi khama lawo, ofesi inkafuna kalaliki.

Chimene chimandifika pamtima kwambiri ndi cha ku Champaran ku Bihar. Alimi okhala pamalo a azungu ankakakamizidwa kulima indigo, mbewu ya utoto wa nsalu, pa magawo 3 mwa 20 a munda wawo, ankati tinkathia. Agogo anga anakulira pa esiteti ina ku Thyolo ndipo akamafotokoza za thangata, kugwira ntchito ya mwini malo kuti ungokhala pa dothi limene unabadwirapo, mawu ankawathera pakhosi, ndiye za Champaran sindiziwerenga ngati za kutali. Mu 1917 Gandhi anapita kumeneko ndi maloya anzake, mmodzi mwa iwo Rajendra Prasad amene anadzakhala pulezidenti woyamba wa India, anthu a sukulu ya Chingelezi yomwe ija. Anakhala pansi tsiku ndi tsiku kulemba madandaulo a alimi zikwizikwi, mlimi akulankhula loya akulemba, pamapeto mlimi nkudinda chala. Mu 1918 lamulo linatuluka lothetsa tinkathia. Uzamindar wa Cornwallis uja unakhalabe mpaka azungu atapita, East Bengal, imene lero ndi Bangladesh, inauthetsa ndi lamulo la 1950, zigawo za India nazo mzaka zomwezo za m'ma 1950.