Majini ndi mpweya wabwino m'kalasi ya sayansi

Mphunzitsi wina wandilembera kuti: "Ndinauza ana a Fomu 3 kuti mpweya wabwino ukachepa m'thupi umadzutsa majini ena. Kalasi yonse inafa nacho chiseko. Ndinalakwitsa pati?"

Aphunzitsi, anawo musawadzudzule. Kwa ife majini ndi mizimu ija imagwetsa munthu n'kumulankhulitsa mawu achilendo. Mawuwa ndi a Chiarabu, anatipeza kudzera kwa Aswahili ndi Ayao, ndipo anamera mizu kalekale. Kutenga "gene" n'kumuveka dzina la eni ake ndi ulesi. Ine ndimati malangizo achibadwa, olembedwa mu DNA, amene selo limawerengako ena, ena n'kuwasiya ali chigonere.

Koma chimene chimandiwawa zedi ndi kutcha okosijeni kuti "mpweya wabwino". Kwerani Sapitwa pa Mulanje, mamita 3,002. Mpweya wakumeneko ndi wabwino kuposa wa mu Limbe, koma mudzapuma mwawefuwefu chifukwa okosijeni amene mukukoka ndi wochepa. Ndiye tizinena kuti pali mpweya wabwino wosowa mpweya wabwino?

Ndiponso ubwino wakewo si wa nthawi zonse. Agogo anga akasenda mbatata ankaziponya m'madzi msangamsanga kuti zisade, ndipo khasu loiwalika pamvula linkachita dzimbiri. Wodetsa mbatata ndi wodya khasu ndi okosijeni yemweyo. M'maselo namonso amasiya tizinthu tolusa towononga mafuta, mapuloteni ndi DNA. Zimenezi ndimazitcha dzimbiri la m'maselo, ndipo sindinapeze mawu oposa amenewa. Dzimbirili likachuluka, puloteni ya Nrf2 imapulumuka m'manja mwa puloteni inzake ya Keap1 imene imaigwira, n'kukadzutsa malangizo opangira zodzitetezera. Choncho tizingoti okosijeni. Kubwereka si kulakwa ngati m'nyumba mulibedi chinthucho.

Pa "kudzutsa" pokha munalasa. Okosijeni akakhala wokwanira, selo limaphwanya puloteni ya HIF ikangopangidwa. Akachepa, HIF imaunjikana n'kudzutsa malangizo ogona, monga a mu impso opangira EPO, homoni imene imachulukitsa maselo ofiira a magazi onyamula okosijeni. N'chifukwa chake othamanga amakakonzekera mipikisano kumalo okwera ngati Iten ku Kenya. William Kaelin, Peter Ratcliffe ndi Gregg Semenza analandira mphoto ya Nobel mu 2019 chifukwa chotulukira mmene maselo amadziwira kuti okosijeni wachepa.

Mawa mukalowa m'kalasi mukanene kuti: "Okosijeni akachepa, selo limadzutsa malangizo achibadwa amene anali chigonere." Mudzandiuze ngati wina aseke.